Sabata yolondola akadyansonga ku Majete

Lolemba ndinadzuka 4 koloko m'mawa. Kuno ku Chikwawa mu Okutobala dzuwa likafika paliwombo nyama zonse zimathawira m'mithunzi, ndiye ukazengereza pa tiyi tsiku lapita. Ntchito yanga inali kupeza akadyansonga, kuwajambula mbali ya kumanja, n'kuyerekeza mawanga awo ndi zithunzi zakale. Palibe awiri ofanana mawanga.

Nyama zimenezi ndi alendo. Zoyamba zinafika mu 2018 zilipo 13, zambiri pa malole kuchokera ku South Africa. Mikango imene inabwera mu 2012 inangobwerera kumene inkakhala kale, pomwe kadyansonga agogo a m'midzi yozungulira nkhalangoyi amati anayamba kumuona atamera kale imvi.

Lolemba ndi Lachiwiri tinangoona mapazi. Lachitatu tinapeza asanu chakufupi ndi mtsinje wa Mkulumadzi, akudya nsonga za mthethe. Lilime lakuda lija limazungulira kanthambi, n'kupulula masamba minga ili pomwepo. Ine ndinatengeka ndi kamera. Mdala amene ndimayenda naye anandikodola.

"Iwe, khosilo lisiyire alendo odzaona. Uziona nthiti, nkhupakupa za kumchira, ndi ndowe."

Anatola timibulu tiwiri n'kutiphwanya m'manja. Tinali touma bwino, todzaza zotsalira za masamba. "Akukhuta," anatero, n'kupukuta manja pa buluku.

Lachinayi kunabwera ana a sukulu. Aphunzitsi awo anandifunsa ngati nyama iliyonse ingakhale kulikonse bola pali mpanda. Ndinati ayi bambo, mpanda sudyedwa. Kadyansonga wakwanitsa kuno chifukwa wapeza mitengo imene m'mimba mwake munazolowera, madzi, ndi kutentha konga kwawo. Mutamusiya pamwamba pa Nyika, pa udzu ndi chisanu cha mu Juni, angadye chiyani? Ndinawauzanso za mvuu zinayi zimene Pablo Escobar, mkulu wozembetsa mankhwala osokoneza bongo, ankaweta ku Colombia. Mwiniwake ataphedwa mu 1993 zinasiyidwa zokha, zinalowa mumtsinje wa Magdalena, lero zapitirira 100 ndipo zasanduka mutu waukulu. Kumeneko mlendo anasowa womudya. Kunena zoona, zimenezo ndi zimene zimandiopsa kuposa nyama kufa kuchilendo.

Lachisanu tinapeza mapazi a mkango pathamanda pomwe akadyansonga amamwera. Kadyansonga pomwa amatangadza miyendo yakutsogolo, mutu pansi, ndipo kuti adzuke zimamutengera kanthawi. Sindinagone bwino, chifukwa wamkazi mmodzi anali asanaoneke sabata zitatu.

Loweruka cham'ma 6 tinamupeza kuseri kwa chitsamba, mimba itaphwa. Pambali pake panali kamwana kotalika ngati ine, mchombo usanaume, tinyanga tikadali togona. Bere la kadyansonga ndi la miyezi pafupifupi 15, ndiye kameneka ndi ka konkuno, ka ku Chikwawa. Batire la kamera linali litatha, ndinaiwala kutchaja. Mawanga ake ndinawajambula ndi pensulo kumbuyo kwa fomu, mdala uja akundiseka.