Mosi, IPA ndi masese: chimene chimafikadi mu galasi lanu kuno ku Chipata

Botolo la IPA (India Pale Ale, mowa wa craft wowawa ndi wonunkhira kwambiri) likanyamuka ku Lusaka kubwera ku Chipata limayenda makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kawirikawiri kumbuyo kwa galimoto yopanda firiji, n'kudutsa pa mlatho wa Luangwa pomwe kutentha kwake aliyense woyenda msewuwu amakudziwa. Kreti ya Mosi imayendanso msewu womwewo. Pofika kuno, Mosi amakhala ali momwe anachokera, koma IPA uja amakhala atayamba kusintha. Kwa ife a kuno Kum'mawa, mkangano wa mowa wa makampani akuluakulu ndi mowa wa craft uyenera kuyambira pamenepa, chifukwa umenewo ndiwo mowa umene timamwadi.

Mowa wa craft ndi wofulidwa pang'onopang'ono ndi kampani yaing'ono yoima payokha. Bungwe la Brewers Association ku America limati kampani yotere isapitirire migolo 6 miliyoni pachaka, ndipo gawo la umwini wake limene lili m'manja mwa kampani yaikulu ya zoledzeretsa lisafike 25 peresenti. Dzina lokha lisakunamizeni: kampani yaikulu ya AB InBev, yomwe inakhala mwini wa Zambian Breweries mu 2016 itagula SABMiller, mwini wake wakale, ndi yomweyonso inagula kampani ya craft ya Goose Island ya ku Chicago mu 2011. Choncho botolo lokhala ndi chithunzi chokongola likhoza kuchokera m'thumba lomwelo lomwe mumachokera Castle.

Zopangira zake ndi zinayi kumbali zonse ziwiri: madzi, chimera, hops ndi yisiti. Kusiyana kuli pa miyezo.

Chimera cha mowa wa m'botolo chimachokera ku balere. Amamunyika, n'kumusiya amere kwa masiku anayi kapena asanu, kenako n'kumuumitsa ndi mpweya wotentha. Akaumitsa pang'ono chimera chimakhala choyera, akawonjezera moto chimafiira ndipo chimanunkhira ngati buledi wootcha, akapitiriza chimada bii, ndipo ndi chimene chimadetsa mowa wakuda wotchedwa stout. Zambian Breweries inatsegula fakitale yake ya chimera ku Lusaka mu 2017 kuti izigwiritsa ntchito balere wolimidwa m'dziko muno. Makampani akuluakulu ambiri padziko lonse amasakaniza chimera choyera ndi chimanga chogaya, mpunga kapena shuga, pomwe Eagle amalowetsamo chinangwa chogulidwa kwa alimi ang'onoang'ono, makamaka a ku Luapula. Anthu a craft amakonda kunyoza zimenezi amvekere ndi kuchepetsa mtengo basi. Mbali ina n'zoona, koma pali chifukwa chinanso: chimanga ndi chinangwa zimapereka shuga wosanduka mowa popanda kulemeretsa chakumwacho, ndiye lager, mowa wa mtundu wa Mosi ndi Castle, amapepuka n'kumatsika bwino pakhosi masana a Okutobala. Ameneyo ndiye mowa umene iwo akufuna kupanga, ndipo amautha.

Hops ndi maluwa a chomera choyanga chimene chimakula bwino kumayiko ozizira. Akaphikidwa kwa ola lathunthu amapereka kuwawa, akaponyedwa mphindi zomaliza amapereka fungo. Kuwawa kumayezedwa ndi muyezo wotchedwa IBU: nambala ikakwera, mowa umawawa kwambiri. Lager wa m'fakitale amakhala pakati pa 10 ndi 20 kapena kupitirirako pang'ono, pomwe IPA amafika 40 mpaka 70. Ofulula craft amawonjezeranso hops wina mowa utawira kale, osauphikanso, ndipo n'chifukwa chake mukatsegula botolo mumamva fungo la mango, lalanje kapena paini ngakhale mulibe chipatso chilichonse. Vuto lake ndi lakuti fungo limeneli ndilo loyamba kuthawa. Likakhala pa shelefu yotentha kwa masabata angapo limatheratu, n'kutsala kuwawa kokhakokha. Munthu amene anayamba kulawa IPA wotere n'kunena kuti craft ndi mankhwala a malungo sanalakwe kwenikweni, anangopatsidwa botolo lakufa.

Pa yisiti ndi pamene fakitale yaikulu imaonetsa mphamvu. Yisiti wa lager amagwira ntchito pa madigiri 8 mpaka 13, kenako mowawo umagonekedwa pafupi ndi 0 kuti uyere ndi kukhwima. Zimenezi zimafuna matanki ozizira usana ndi usiku. Yisiti wa ale, amene ofulula craft ambiri amagwiritsa ntchito, amakondwa pa madigiri 18 mpaka 22 ndipo amamaliza msanga. Lager wagolide woyamba anafulidwa ku Plzeň, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, mu 1842 ndi Josef Groll, ndipo mu 1883 Emil Christian Hansen wa ku kampani ya mowa ya Carlsberg ku Denmark ndiye anapeza njira yopatula yisiti wamtundu umodzi wokha kuti mowa uzikoma mofanana nthawi zonse. Carlsberg yomweyo ndi imene inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo Carlsberg Green amene anthu amamwa akangowoloka pa Mwami kupita ku Mchinji ndi mdzukulu wa ntchito ya Hansen, ngakhale fakitaleyo inagulidwa ndi Castel mu 2016.

Lager wopepuka alibe pobisala. Mu stout wakuda kapena mu IPA wodzaza hops cholakwika chaching'ono chimaphimbika, koma mu lager chimamveka pompo. Kupanga mabotolo mamiliyoni, ku Lusaka ndi ku Ndola, onse n'kumakoma chimodzimodzi, ndi luso lalikulu kuposa momwe okonda craft amavomerezera.

Mowa ukakhwima, fakitale imausefa kuchotsa yisiti ndi litsiro lonse, imauthira m'mabotolo mosamala kuti mpweya wa okosijeni usalowe, kenako mabotolowo amadutsa m'makina owathira madzi otentha mpaka mowa wa m'kati ufike madigiri pafupifupi 60 kwa mphindi zingapo. Tizilombo toononga mowa timafa. Kusefa ndi kutenthetsa kumachotsako kukoma pang'ono, koma kumapatsa mowa miyezi yambiri ya moyo, ndipo n'chifukwa chake kreti imatha kufika ku Chadiza, ku Vubwi kapena ku Lundazi ili bwinobwino. Mowa wa craft wochuluka susefedwa ndipo sutenthetsedwa. Ndi wamoyo, ndipo umafuna firiji kuchokera ku fakitale mpaka pa tebulo. Magetsi akamathima maola ambiri patsiku, firiji imazizira n'kufunda, kuzizira n'kufundanso, ndipo pafupifupi kutentha kukakwera ndi madigiri 10, mowa umakalamba mofulumira kawiri kapena kuposa.

Eni mabala ndi ma lodge a ku Mfuwe, pamodzi ndi inu akumwa, muyenera kudziwa kununkhiza zolakwika ndi kudziwa gwero lake.

Fungo ngati la kanyimbi limabwera ndi kuwala. Dzuwa likaomba mowa, zowawitsa za hops zimasweka n'kupanga fungo limeneli, ndipo zimatenga mphindi zochepa chabe. Botolo la bulauni limateteza kwambiri, lobiriwira limateteza pang'ono, loyera siliteteza n'komwe, pomwe chitini chimatseka kuwala konse. Kreti ya mabotolo obiriwira isasiyidwe pakhonde la shopu. Apa fakitale ndi craft amavutika chimodzimodzi.

Kukoma kwa katoni yonyowa kapena pepala lakale ndi okosijeni pamodzi ndi kutentha. Mowa umadanso mtundu pang'ono. Makina ang'onoang'ono othirira m'mabotolo amalowetsa mpweya wambiri kuposa a fakitale yaikulu, ndiye craft amagwidwa msanga. Fungo la batala kapena la mbuliwuli zothira majarini ndi diacetyl, kutanthauza kuti mowa unachotsedwa pa yisiti usanamalize, kapena mapaipi a draught, mowa wothira pa mpopi wa mu bala, ndi akuda. Mapaipi amenewo amafunika kutsukidwa ndi mankhwala ake pakangotha masabata awiri aliwonse. Fungo la apulo wosapsa ndi mowa wosakhwima. Botolo likatsegulidwa n'kuphulika thovu losatha ngakhale lili lozizira, ndiye kuti munalowa yisiti wakutchire kapena anachulutsa shuga pothira m'botolo. Kusasa ngati viniga mu mowa umene suyenera kusasa ndi mabakiteriya, bwezani botololo.

Mbuu wa mu craft si cholakwika. Mowa wa tirigu ndi ma IPA ena amapangidwa dala kuti akhale a mbuu. Ngati pansi pa botolo pali nsenga za yisiti, liimikeni mu firiji kwa tsiku limodzi, thirani pang'onopang'ono galasi litapendekeka, n'kusiya chala chimodzi cha pansi. Galasi likhale lopanda mafuta, chifukwa mafuta a nyama yootcha kapena sopo wotsalira zimapha thovu nthawi yomweyo. Lager amakoma pa madigiri 3 mpaka 7. Ale ndi stout amafuna 8 mpaka 12, ndipo mukawaziziritsa mpaka botolo kuchita chisanu ndiye kuti mwalipira ndalama zambiri kugula fungo lomwe simulimva. Yang'ananinso mphamvu yake. Ma lager athu ali pakati pa 4 ndi 5.5 peresenti, pomwe IPA amafika 6 kapena 7, ena kuposa apo. Mabotolo atatu a 7 peresenti amaposa asanu a 4 peresenti, nkhani imene woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto ayenera kuidziwa asanayambe.

Lamulo logulira ndi lalifupi. Funsani tsiku limene mowa unathiridwa m'botolo. IPA wopitirira miyezi itatu, kapena amene mwamupeza pa shelefu osati mu firiji, musiyeni mutenge Mosi watsopano. Ngati mukufuna kulawa craft amene wayenda ulendo wautali, sankhani stout kapena porter, mowa wina wakuda, chifukwa kukoma kwake kuli mu chimera chokazinga, osati mu fungo la hops, ndipo amapirira.

Chimene anthu a m'tauni amaiwala ndi chakuti mowa wofulidwa pang'ono ndi munthu mmodzi wodziwika dzina si wachilendo kuno. Mayi wofulula masese kapena chipumu kumudzi, wokonzera anthu obwera ku Nc'wala ku Mtenguleni kapena ku Kulamba ku Mkaika, amachita zonse zimene wa craft amachita. Amameretsa chimera cha mawere kapena mapira, amachiyanika, amachipera, amaphika phala la ufa wa chimanga, amalisiya lizizire kenako n'kuthira chimera kuti chisungunule phalalo likhale lotsekemera. Akathira chimera phala likadali lotentha kwambiri, mphamvu ya chimeracho imafa, mowa n'kukhala wolemera wopanda ukali. Mphamvu imeneyi ndi ma enzyme omwewo amene fakitale imawasamala pa madigiri 63 mpaka 68, kungoti mayiyo amayeza ndi chala. Kusiyana kwake ndi kwakuti masese alibe hops, amawira ndi yisiti wa mu mbiya kapena dramu pamodzi ndi mabakiteriya osasitsa, ndipo amamwedwa akadali kuwira. Chibuku cha National Breweries, kampani imene Delta Corporation ya ku Zimbabwe inaigula kwa AB InBev, ndi mowa womwewu utalowa m'fakitale. Shake Shake wa m'katoni amapitiriza kuwira, n'chifukwa chake wa tsiku loyamba amatsekemera ndipo wa masiku angapo amakhala wosasa ndi waukali, pomwe Chibuku Super wa m'botolo la pulasitiki anamuimitsa kuwira kuti athe kuyenda mtunda. Amene amasiyanitsa awiriwa pakamwa wamvetsa kale nkhani yonse ya craft ndi fakitale.

Kwa amene akufuna kuyesa kufulula pale ale wa malita 20 panyumba, miyezo yake ndi iyi. Chimera cha balere chophwanya makilogalamu 4.5 chiviikidwe m'madzi malita 13, kutentha kukhale pa madigiri 66 kwa ola limodzi. Sefani, tsukuluzani chimera chotsalacho ndi madzi a madigiri 75 mpaka mupeze malita pafupifupi 25. Wiritsani kwa mphindi 60 mphika uli wosavindikira kuti fungo la chimanga chophika lituluke, ndipo musadabwe thermometer ikaima pa 96 kapena 97, chifukwa Chipata ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 ndipo madzi amawira msanga. Ikani magalamu 25 a hops poyamba ndi ena 40 kutatsala mphindi 5. Ziziritsani mwachangu kufika pa 20, thirani m'ndowa yotsukidwa ndi mankhwala opha tizilombo, onjezani paketi imodzi ya yisiti wa ale ya magalamu 11, n'kutseka ndi airlock, kachipangizo kotulutsa mpweya wa kuwira osalola wakunja kulowa. Yisiti wa buledi amawiritsa ndithu, koma sakhazikika bwino pansi ndipo kukoma kwake ndi kwa buledi. Pakatha masabata awiri, sungunulani shuga magalamu 120 m'madzi owira, sakanizani ndi mowa wonse, thirani m'mabotolo a bulauni, dikiraninso masabata awiri.

Chimene chimaononga mowa wa panyumba kuno ndi kutentha. Ndowa ikamawira imatentha kuposa chipinda ndi madigiri angapo, ndipo ikadutsa 25 yisiti amayamba kutulutsa fungo la nthochi yakupsa kwambiri ndi ukali wonunkha tinala, umene umaswa mutu m'mawa mwake. Fululani mu Juni ndi Julaye. Miyezi ina ikani ndowayo m'beseni la madzi, ifunditseni nsalu yonyowa yogwera m'madzimo, ndipo muziponyamo mabotolo a madzi oundana m'mawa ndi madzulo pa masiku anayi oyamba. Madzi a pampopi okhala ndi klorini asiyeni usiku wonse m'chidebe chosatseka kapena awiritseni kaye, apo ayi mowa udzamveka ngati mankhwala a m'chipatala. Madzi a pa mjigo akakhala osiya zoyera mu ketulo, ndi abwino ku mowa wakuda koma amawawitsa mowa woyera moipa, ndiye asakanizeni theka ndi theka ndi madzi osasiya zoyera.