Tinayamba ndi jeke imodzi kuseri kwa nyumba ku Turffontein

Abale anga a kuno ku Joni, sabata yatha ndagula press yangayanga, makina olowetsera ma bush ndi ma ball joint (zipangizo za kumiyendo ya galimoto), ndiye ndati lero ndikuuzeni komwe tachokera, poti ambiri mumangoona ma bakkie atandandalika pageti Loweruka koma chiyambi chake simukuchidziwa.

Umakaniko ndinaphunzirira ku Ndirande kwa amalume, ndili kamnyamata kopatsira masipanala. Kuno ndinkagwira pa galaja ina mpaka lockdown ya March 2020, ntchito inathera pomwepo. Ndinatsala ndi jeke imodzi, ma stand awiri, hamala ndi bokosi la masipanala basi. Galimoto yoyamba inali Isuzu KB ya achimwene ena a kutchalitchi, chiwongolero chikusewera, kutsogolo kukulira gudugudu pa hump iliyonse, matayala atadyeka mkati mokhamokha. Nditaikweza n'kugwira tayala kumanja ndi kumanzere, kugwedeza, tie rod end, kachitsulo kolumikiza chiwongolero ndi tayala, inali itatheratu. Kugwira pamwamba ndi pansi, ball joint nayo ikugwedera, labala yake itang'ambika, girisi anatha kalekale mwadzaza mchenga. Masiku awiri ndili chagada pa katoni, mu June, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, koma achimwenewo atazungulira nayo pafupi ndi racecourse anabwera akumwetulira ndipo ndi iwo amene anandibweretsera makasitomala atatu otsatira.

Koma pali December wina amene sindidzamuiwala. Bambo wina anabwera ndi Hilux yoti ikoke trailer ya katundu wa anthu kupita kumudzi. Ndinagula ma ball joint pa shopu ina, bokosi lokongola, mwini wake akulumbira kuti ndi original. Galimoto itangopitirira Polokwane pa N1, ball joint yapansi inazuka, tayala linapindikira mkati galimoto n'kugwada pansi. Mulungu yekha, anali atachepetsa liwiro, palibe anavulala. Foni ija inandipeza cha m'ma 2 usiku ndipo miyendo inandizizira, ndikuganiza mafiriji ndi matumba a anthu ali m'mbali mwa msewu chifukwa cha chitsulo chomwe ndinamanga ndi manja anga. Ndinalipira towing, ndinalipira zitsulo zina, zonse ndi ndalama ya katapila. A pashopu aja anangoti munamanga molakwika, refund kulibe. Mukawerenga izi mudziwa nokha kuti ndikunena inu, zomwe mumagulitsazo zimanyamula miyoyo ya anthu. Nanunso a katapila amene munabwera kudzafuna kulanda jeke yanga tsiku lisanakwane, ngongole yanu ndinamaliza ndipo jeke ija ilipobe.

Kuchokera pamenepo chitsulo chilichonse ndimachitsegula pamaso pa mwini galimoto, risiti n'kumupatsa, chakale n'kumuikira kumbuyo kwa bakkie apite nacho. Pochotsa tie rod end ndimawerenga kuti yazungulira kangati kuti yatsopano ikhale pomwepo, split pin ndimaika yatsopano osati kuwongola yakale, ndipo mabawuti a ma bush a control arm ndimawamangitsa galimoto itatsika kuima pa matayala ake, chifukwa ukamangitsa ili m'mwamba labala imapotoka ndipo siichedwa kung'ambika. Makina a alignment, owongolera kaimidwe ka matayala, ndilibe, sindinama, ndiye tikamaliza mumapita kukapangitsa tsiku lomwelo, apo ayi matayala atsopano atha ngati sopo.

Ndithokoze amayi a kunyumba, amene ankadzuka 4 koloko kukazinga mandasi miyezi yonse ija ya ngongole osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Alandilodi athu, amene amapirira phokoso la hamala ndi oyilo pabwalo. Amalume ku Ndirande, maphunziro anu ndi amene akutidyetsa. Anzanga a chipereganyu amene munandipatsa gawo lisanafike tsiku langa kuti ndigule press iyi, anyamata awiri amene ndikugwira nawo, abusa ndi mpingo wonse, komanso bambo a Hilux aja, amene anandikhululukira ndipo mpaka lero galimoto yawo imakonzedwa pano, zikomo kwambiri, Ambuye akudalitseni.

Tsopano inu amene mukukonzekera ulendo wa kumudzi, msewu wa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kukalowa pa Mwanza ndi wautali ndipo katundu wanu ndimamudziwa kulemera kwake. Musadikire sabata yonyamukira. Bweretsani Hilux, Ranger kaya Isuzu tione ma shock, ma rack end, ma leaf spring akumbuyo ndi ma U-bolt ake. Kukweza galimoto n'kuiona ndi ulere, ndikuonetsani ndi maso anu chomwe chikugwedera kenako tikambirane mtengo. Ndilembereni ku inbox, Loweruka timatsegula 7 koloko m'mawa.