Project ya inki ija yatheka, koma yandidyera Loweruka lathunthu

Abale inu, amene muli ndi ana a Form 2 kapena Form 3 werengani izi musanavutike ngati ine. Mtsikana wanga anapatsidwa ntchito ya science yoti alekanitse mitundu ya mu inki pa pepala, amati chromatography, abweretse pepalalo litauma ndi masamu ake omwe. Anandiuza Lachisanu usiku, zofunika Lolemba.

Mmawa ndinakwera kombi kuchoka kwathu ku Mabvuku mpaka pa Fourth Street m'tauni ya Harare kukasaka filter paper, pepala losefera lomwe limafunika pa ntchitoyi. Apa ndiye pamene panandipsetsa mtima. Ma pharmacy atatu onse akuti sitigulitsa, wina anandilozera shopu ya zinthu za mu lab kutsidya kwina kwa tauni, ndayenda wapansi dzuwa likuswa mtengo, ndikufika mnyamata wa pa counter akuti timagulitsa bokosi lonse la mapepala 100, sitimatsegula. Ndati achimwene ndikufuna awiri okha, ndi za mwana wasukulu izi, iye maso ali pa foni basi. Mapepala 100 ndikatani nawo ine? Ndiye ndimvereni, musapite kumeneko. Lowani mu supermarket mugule timapepala tosefera khofi toyera tija, timagwira ntchito bwinobwino. Ine ndinadziwa zimenezi 2 koloko itakwana, wondiuza wake mlamu wanga pa WhatsApp, ndalama ya kombi ndi nsapato zitatha kale. Pa till napo chenje panalibe, anandipatsa maswiti.

Iwalaninso za pepala la mu kope, tinayesa usiku wa Lachisanu womwewo, silikoka madzi bwino. Tishu ya kuchimbudzi imangosungunuka.

Kachitidwe kake nkosavuta. Mudule pepala lalitali ngati chala ndi theka, mujambule mzere cha pa 2 cm kuchokera pansi, mzerewo ndi PENSULO, osati cholembera cha inki. Pensulo siyisungunuka, koma mzere wa inki umathamanga limodzi ndi kadontho kanu nkusokoneza zonse. Pa mzerepo muike kadontho kakang'ono ka inki, kaume, muikenso kachiwiri pomwepo. Kenako mupachike pepalalo pa pensulo ina yogoneka pakamwa pa tambula, kunsi kwake kungokhudza madzi. Madzi akhale pansi pa kadonthoko, akakamiza inki yonse imathera mu tambula, ife zinatichitikira kawiri.

Eya ndayiwala, chomwe chinatidyera nthawi kwambiri ndi cholembera. Tinayamba ndi bolopeni yakuda, tadikira mphindi 20 madzi akwera mpaka pamwamba kadontho kali pompo osasuntha, mwana wayamba kulira kuti alephera. Kani inki ya bolopeni siyisungunuka m'madzi, imafuna spirit. Ndatenga spirit ya mtundu wa papo (purple) ija ya mnyumba, nayo yapaka pepala lonse mtundu wake, osadziwanso kuti wa inki ndi uti. Ngati aphunzitsi anena za bolopeni gulani spirit yoyera ku pharmacy, muvundikire tambula chifukwa imauluka msanga, ndipo kandulo ikhale kutali, poti magetsi athuwa mukuwadziwa, spirit imayaka. Ife chinatipulumutsa ndi ma marker opentera a mng'ono wake wa Grade 3, aja amachoka ukachapa. Amenewo madzi wamba akwana.

Ndiye tinaika kadontho ka marker yakuda nkukhala chete tonse, agogo ake omwe anasiya kusankha nyemba kubwera kudzaona. Madzi akukwera pang'onopang'ono, chakuda chija chinayamba kutambasuka, kutuluka papo, kenako kofiirira, pamwamba penipeni buluu. Agogo akuti kodi mitundu yonseyi inabisala kuti? Mwana anawafotokozera bwino mpaka ine mtima unakhala pansi, kuti inki yakuda ndi mitundu ingapo yosakaniza, umene umasungunuka kwambiri m'madzi umapita nawo kutali, umene umakakamira pa pepala umatsalira mmunsi. Akuti anayambitsa nzeruyi ndi Mikhail Tsvet wa ku Russia cha m'ma 1903, iye ankalekanitsa mitundu ya m'masamba a zomera.

Madzi asanafike pamapeto chotsani pepala, ndipo pompo lembani pamene madzi afika, likauma simudzapaonanso. Ndi pensulo, ndabwerezanso, pensulo. Pepala lathu loyamba labwino tinalitaya chifukwa cha chimenechi, tinaliyanika kaye nkumasangalala, pobwera malire a madzi osaoneka, masamu osatheka.

Masamuwo amati Rf. Muyeza ndi rula kuchoka pa mzere kufika pakati pa mtundu uliwonse, nkugawa ndi mtunda umene madzi ayenda kuchokera pa mzere womwewo. Kwa ife madzi anayenda 8 cm, buluu 7 cm, ndiye 7 kugawa ndi 8 ndi 0.88 mukafupikitsa. Yankho likaposa 1 dziwani kuti mwatembenuza manambala.

Tinamaliza 9 koloko usiku, mapepala atatu tamata mu kope ndi selotepi. Timapepala ta khofi tatsala tambiri ndipo kuno sitimwa khofi wosefa, amene muli ku Mabvuku kapena Tafara mwana wanu akapatsidwa zomwezi mundiuze tikakumana kutchalitchi ndikupatseni, musakafike ku shopu ya bokosi ija.