Tsiku limene ndinasintha oyilo wa m'madifu, transfer case ndi giyabokosi

Oyilo wa mu injini sindimuiwala. Ndikatsegula boneti ndimasolola kachitsulo koyezera n'kudzionera ndekha ngati wada kapena wachepa. Koma kunsi kwa pikapu ya 4x4 kuli malo ena anayi okhala ndi oyilo wakewake: giyabokosi, transfer case (bokosi la magiya logawa mphamvu ya injini ku matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo), difu ya kutsogolo ndi difu ya kumbuyo (difu ndi magiya a pa ekiselo ogawa mphamvu ku tayala la kumanja ndi la kumanzere). Pa galimoto yanga malo anayiwa alibe kagetsi kochenjeza padashibodi, alibenso choyezera chosolola. Difu ikamayamba kulira mukamathamanga, mano a magiya kapena maberingi amakhala atadyeka kale, ndipo oyilo watsopano sabweza chitsulo chimene chapita.

Yanga ndi ya dizilo, magiya ake osinthira pamanja. Ndinaigula itayenda kale, ndipo m'mapepala a sevisi amene ndinapatsidwa munangolembedwa za oyilo wa injini ndi mafyuluta. Itakwana makilomita 160,000, isakuchita phokoso lililonse, ndinaganiza zosintha oyilo m'malo anayi onsewo tsiku limodzi.

Nthawi yambiri inathera posankha oyilo, ndipo ndikuona kuti m'pake. Buku la galimoto yanga limafuna 75W-90 (nambala yonena kukhuthala kwa oyilo) wa GL-5 m'madifu. Zilembo za GL n'za bungwe la American Petroleum Institute, ndipo zimanena kuchuluka kwa mphamvu imene oyilo angapirire pakati pa mano a magiya. M'difu, giya yaing'ono yochokera ku propushafiti imakumana ndi giya yaikulu yozungulira cha m'munsi mwa pakati pake. Chifukwa cha kakhalidwe kameneka, mano sagudubuzana chabe, amakhulananso mwamphamvu, ndipo oyilo wamba amafinyika n'kuthawa. Mu GL-5 muli mankhwala a sulufule ndi fosiforasi amene amamata pachitsulo kukatentha, kuti chitsulo chisakhudzane ndi chinzake. N'chifukwa chake oyilo wa difu amanunkha choncho, fungo lokanirira pachovala ngakhale mutachapa kawiri.

M'giyabokosi nkhani n'njosiyana. Muli mphete zamkuwa zotchedwa synchro, zimene zimagwira giya ndi kuilinganiza liwiro musanailowetse. Mphetezi zimafuna oyilo woterera mwapakatikati kuti zigwire, ndipo mankhwala ambiri a mu GL-5 wina sagwirizana ndi mkuwa. Choncho magiyabokosi ambiri amalembedwa GL-4. Musaganize kuti 5 ndi wabwino kuposa 4 chifukwa nambala yake n'njaikulu. Ndi oyilo wa ntchito ziwiri zosiyana. Transfer case ndiye imasokoneza anthu ambiri, chifukwa ina imamwa oyilo wa magiya, ina imamwa ATF, oyilo wopyapyala wa magiyabokosi a otomatiki. Yanga imamwa wa magiya. Ngati difu yanu ya kumbuyo ili ya limited slip (yoletsa tayala limodzi kuzungulira lokha likaterereka) yokhala ndi timbale ta kilatchi m'kati, funani botolo lolembedwa LS, apo ayi idzayamba kugogoda mukamakhota pang'onopang'ono.

Ndinagula malita asanu ndi limodzi a GL-5 ndi atatu a GL-4, kuti ena atsaleko. Ndinagulanso mawasha atsopano a mapulagi onse asanu ndi atatu, ndi kapampu kapamanja komangirira pakamwa pa botolo. Popanda kapampuka simungathire, chifukwa mabowo othirira ali m'mbali ndipo pamwamba pake palibe mpata wopendeketsa botolo. Zina zinalipo kale: sokheti ya 24 mm, aleni ya 10 mm, chogwirira chachitali, torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira, mu Nm), beseni lotakata, bulashi ya waya ndi sanza zambiri. Madzulo a dzulo lake ndinakwecha matope pa pulagi iliyonse n'kupopera mafuta ofewetsa dzimbiri.

M'mawa ndinayendetsa galimoto mphindi 15 kuti oyilo afunde. Oyilo wa magiya akazizira amatuluka monyinyirika, ndipo zinyalala zimatsala zitakhazikika pansi. Ndinaimika pamalo athyathyathya, n'kukoka handibuleki, n'kutsekera matayala. Malo athyathyathya ndi ofunika chifukwa muyeso wa oyilo ndi bowo lothirira lomwelo: galimoto ikapendekeka, muthira wochepa kapena wopitirira. Pikapu yanga n'njotalika mokwanira kukwawira pansi popanda kuikweza. Ngati yanu ifuna kukwezedwa, ikhale pa masitandi anayi ofanana. Munthu asalowe pansi pa galimoto yogwiridwa ndi jeke yokha.

Alamu anga, amene agwira ntchito ya umakaniko zaka zambiri, anabwera kudzandithandiza. Nditangoika sokheti pa pulagi ya pansi ya difu ya kumbuyo, anandigwira mkono. "Alamu, yambani ya pamwamba. Mukakhuthula oyilo kenako yothirira n'kukana, galimoto muitulutsa bwanji pano?" Ndinasamutsa sokheti. Lamulo limeneli ndinalitsatira pa malo onse anayi, ndipo pa difu ya kutsogolo ndi pamene linandipulumutsa.

Pulagi yothirira ya kumbuyo inamasuka bwino. Ndinapisa chala chaching'ono m'bowo n'kuchipinda, ndipo oyilo ndinamupeza m'munsi pang'ono mwa mlomo wa bowo, kusonyeza kuti sanachepe kwambiri. Koma chala chinatuluka chotuwa. Nditamasula ya pansi, zimene zinagwera m'beseni sizinali zakuda monga ndinkayembekezera. Zinali zotuwa, zosaonekera m'kati, zokhala ndi tithovu. Oyilo wa mtundu umenewu ndi wosakanizika ndi madzi. Madzi amachititsa dzimbiri pa maberingi ndipo amafooketsa oyilo pamalo pamene mano akukhulana. Galimoto inalibe phokoso, koma inali panjira yopita kumeneko.

Pulagi ya pansi ili ndi maginito kumutu kwake. Ndinaitengera padzuwa n'kuiyang'anitsitsa ndisanaipukute. Panali matope otuwa atayima ngati tiubweya. Ndinawapekesa pakati pa zala ziwiri, ndipo anali osalala ngati girisi, opanda cholasa. Zimenezo ndi fumbi la chitsulo lochokera ku kutha kwa masiku onse, silidetsa nkhawa. Zoopsa ndi tizidutswa tonyezimira tomveka m'chala, kapena kachibenthu kooneka kuti kachoka pa dzino. Mukapeza zotero, oyilo watsopano sathetsa vuto. Difu ifunika kutsegulidwa. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene pali phindu lalikulu lochitira ntchitoyi nokha, chifukwa oyilo wakale ndi maginito zimakuuzani zimene zikuchitika m'kati, ndipo zikangotayidwa umboni wapita.

Funso linali lakuti madziwo analowera pati. Pamwamba pa ekiselo pali kachitsulo kakang'ono kokhala ndi kachipewa, kopumira difu. Difu ikatentha mpweya wa m'kati umafufuma n'kutulukira pamenepo. Mukalowa m'madzi akuya difu ili yotentha, imazizira mwadzidzidzi, mpweya umanyala, ndipo difu imakoka chilichonse chimene chili kunja kudzera pa kopumirako kapena pa masilu a ekiselo. Kanga ndinakapeza kachipewa kake katauma gwa ndi matope, kosagwedera n'komwe. Kopumira kotsekeka kamavutitsa mbali ziwiri: kukatentha oyilo amakankhidwira pa masilu, kukazizira madzi amakokedwera pa masilu omwewo. Ndinakamasula ndi sipanala yaing'ono, n'kukatsuka mpaka kachipewa kanayamba kuzungulira ndi chala, n'kukabwezera. Ndinasuzumiranso kuseri kwa matayala a kumbuyo kuona ngati oyilo akudonthera cha ku mabuleki, koma kunali kouma.

Ndinasiya difu ikudontha mphindi 20. Kenako ndinapukuta maginito ndi pamene washa amakhala, n'kuika washa watsopano. Washa ameneyu amaphwanyika pang'ono mukamanga kuti atseke, ndipo wakale anaphwanyika kale, n'chifukwa chake amakonda kunyowetsa. Pulagi ndinayamba kuimanga ndi zala mpaka itakhala, kuti ndimve ngati yalowa mokhota, kenako torque wrench pa 49 Nm monga buku langa linenera.

Kuthira kumatopetsa mkono. Alamu anagwira kapayipi m'bowo, ine ndikupopa. Panalowa malita awiri ndi theka ndi kupitirirako pang'ono oyilo asanayambe kubwerera pamlomo wa bowo. Ndinachotsa kapayipi, n'kudikira mpaka kuyenderera kutasanduka kudontha, ndipo ndinatseka. Kudzaza mopitirira sikuthandiza. Oyilo wochuluka amachita thovu, amatentha, n'kuyamba kutulukira pa kopumira.

Kutsogolo ndinayamba ndachotsa chimbale chachitsulo choteteza kunsi. Mapulagi a uko ndi a aleni, ndipo bowo la pulagi yothirira linali lodzaza dothi louma. Ndinalitokosola ndi msomali mpaka pansi penipeni, n'kukhomera aleni ndi hamala kuti ilowe yonse. Aleni ikalowa theka imabulungitsa ngodya za bowo, ndipo pamenepo ntchito yasanduka ina. Ndinakoka ndi chogwirira chachitali, osatheka. Tinapoperanso mafuta ofewetsa, tinagogoda mutu wa pulagi kangapo, tinadikira pafupifupi theka la ola. Ulendo wachitatu inalira kuti thwa n'kumasuka. Nthawi yonse imeneyi difu inali idakali ndi oyilo wake, ndipo pulagi ikanakanitsitsa ndikanangobwezera chimbale n'kuyendetsa galimoto kupita kugalaji. Oyilo wa kutsogolo anatuluka wakuda koma wopanda madzi, ndipo watsopano analowa pafupifupi lita imodzi ndi theka.

Transfer case sinavute. Inatenga lita imodzi. Chosamala n'chakuti thupi lake ndi la aluminiyamu, chitsulo chofewa, ndipo mazinga ake sachedwa kuthothoka mukamanga mwa mphamvu zanu zonse. Buku limati 37 Nm, ndipo torque wrench itangolira ndinasiya pomwepo.

Pa giyabokosi ndinachedwa dala. M'mbali mwake muli mitu ingapo ya mabawuti yofanana ndi pulagi, komanso switchi ya magetsi a rivesi. Pa magiyabokosi ena, limodzi la mabawuti amenewa limagwira shafiti ya giya ya rivesi m'kati, ndipo mukalimasula molakwitsa zam'kati zimasuntha, giyabokosi n'kufunika kutsitsidwa. Ndinatenga chithunzi cha m'buku n'kuchiyerekeza ndi chimene ndikuona kawiri konse ndisanaike sokheti. Ekizozi imadutsa pafupi ndipo inali idakali yotentha, choncho ndinaikapo sanza yonyowa. Oyilo atatuluka ndinamuunika ndi tochi m'beseni loyera. Munali kunyezimira pang'ono kwa mtundu wa golide, komwe ndi fumbi la mphete zamkuwa zija. Kochepa chonchi pa makilomita amenewa sikunandidabwitse. Ndisanathire GL-4 ndinapopa kaye pang'ono m'chitini kuti GL-5 wotsalira m'kapampu atuluke. Analowa malita awiri ndi pang'ono.

Amene muli ndi giyabokosi ya otomatiki, gawo limeneli lokha musatengere kwa ine. Zambiri zimayezedwa injini ikulira ndiponso oyilo ali pa kutentha kumene buku lanena, ndipo kukhuthula pa pulagi kumangotulutsa gawo chabe la oyilo yense.

Nditapukuta paliponse kuti pakhale pouma, ndinayendetsa makilomita 10. Pamsewu wa dothi ndinalowetsa 4H (4x4 ya liwiro wamba), kenako nditaima ndinalowetsa 4L (4x4 ya magiya otsika) n'kuyenda pang'ono, kuti oyilo watsopano azungulire mu transfer case ndi difu ya kutsogolo. Pa tala wouma sindilowetsa 4x4, chifukwa galimoto ya mtundu wanga ilibe difu ya pakati, ndipo mashafiti amakokanakokana mukamakhota. Giya yachiwiri, imene inkalimba m'mawa, inayamba kulowa mosavuta. Nditabwerera ndinagwira pulagi iliyonse ndi pepala loyera, ndipo m'mawa mwake ndinachitanso chimodzimodzi. Onse asanu ndi atatu anali ouma.

Oyilo wakale ndinamuthira m'mabotolo omwe aja n'kutseka bwino, ndipo ndinakapereka kumalo olandira oyilo wogwira kale ntchito. Sayenera kuthiridwa pansi kapena mu ngalande, chifukwa amakathera m'madzi. Kenako ndinalemba tsiku, makilomita ndi mtundu wa oyilo wa malo alionse kuseri kwa buku la galimoto. Popeza yanga imakoka ngolo ndiponso imayenda m'misewu ya fumbi, ndinalemba kuti ndidzabwereze ikayenda makilomita 40,000, ndipo ndikawoloka madzi ofika pa ekiselo ndizitsegula pulagi yothirira n'kuona mtundu wa oyilo sabata yomweyo.

Difu ya kumbuyo sindinaidikirire mpaka pamenepo. Oyilo wosakanizika ndi madzi samatuluka yense ulendo umodzi, wina amatsalira m'mapaipi a ekiselo ndi m'maberingi. Itayenda makilomita 1,000 ndinaikhuthulanso. Ulendo uno oyilo anatuluka woonekera m'kati, wotuwirako pang'ono pokha pa madontho oyamba, ndipo pa maginito panali kafumbi kochepa kosalala. Ndinagwedeza kachipewa ka kopumira ndi chala, kanazungulira, ndipo ndinathira oyilo watsopano n'kumanga pa 49 Nm.