Mapazi anga pa njira ya ku Santiago

Chikwama changa chinalemera makilogalamu 14 tsiku limene ndinkanyamuka ku Saint-Jean-Pied-de-Port, katauni ka ku France kamene kali m'tsinde mwa mapiri a Pyrenees. Nditachikweza pasikelo, mayi wachikulire amene ankatipatsa credencial, kabuku kodindamo zidindo za m'njira, anangogwira pakamwa. "Mwana wanga, kodi mukusamuka kapena mukupita ku Santiago?" Ine ndinaseka. Iwo sanaseke.

Kutsogolo kunali makilomita pafupifupi 780 a Camino Francés, njira yopita ku Santiago de Compostela, mzinda wa ku Spain, kumanda amene Akhristu akhala akukhulupirira kuyambira zaka za m'ma 800 kuti ndi a Mtumwi Yakobo. Odziwa amati katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thupi lako. Ine wa makilogalamu 70 ndinayenera kusenza 7 basi.

Tsiku loyamba ndi chikweza chosatha, makilomita pafupifupi 25 kukafika ku Roncesvalles, m'dziko la Spain. Njira yodutsa pamwamba, ya Route Napoléon, imatsekedwa kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi, chifukwa anthu afapo ndi chisanu. Nthawi imeneyo mumadzera ku Valcarlos. Ine ndinapita mu Meyi, komabe chifunga chinatsika mbuu, moti munthu amene anali patsogolo panga ndinkangomumva ndodo. Eni dera akakuuzani kuti lero kuphiri sikwabwino, musalimbane nawo. Nditafika ku Pamplona ndinalowa mu positi ofesi, ndi kutumiza katoni ya makilogalamu 5 kuti ikandidikire ku Santiago.

Koma chimene chinatsala pang'ono kundibweza si chikwama ayi. Ndi nsapato. Ndinazigula kutatsala sabata imodzi, zokongola zedi, zondikwana ndendende. Ndiye kulakwako kumeneko, chifukwa phazi likayenda tsiku lonse limafufuma. Pamtsetse wa Alto del Perdón, pamene miyala imagubuduka pansi pa mapazi, ndinamva chidendene chikutentha. Ndinati ndikaona ndikafika. Ndikuvula sokosi ku Puente la Reina, ndinapeza tuza ladzaza chidendene chonse, lina lili pansi pa chala chachikulu. Mnyamata wina anabwera ndi singano ndi ulusi, akuti alowetse ulusiwo n'kuusiya momwemo kuti madzi azitsikira. Bambo wosamalira nyumba ya alendo imene ndinagonamo anamuletsa. Ulusi, iwo anati, ndiwo mlatho wa majeremusi. Anatsuka, anapaka mankhwala, anamata pulasitala, kenako anandiyang'ana: "Bambo, mawa mukhala pano."

Ndinakhala masiku awiri, ndikuona anzanga amene ndinadya nawo akupita. Kuwawa kwake kunaposa kwa tuzalo. Kuchokera pamenepo ndinasintha mayendedwe. Pakangotentha penapake, ndinkakhala pansi pomwepo n'kumata. Maola awiri alionse ndinkavula nsapato kuti mapazi apitidwe mphepo, masana n'kusintha masokosi. A thonje ndinataya, chifukwa amasunga thukuta. Inu amene mukukonzekera, gulani nsapato zokulirapo pang'ono, muyende nazo miyezi ingapo muli ndi chikwama kumsana. Ndipo bala likayamba mafinya, kapena kufiira kukamafalikira thupi likutentha, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala, osati ya pulasitala.

Pakati pa Burgos ndi León pali chigwa cha Meseta, minda ya tirigu yokhayokha, mthunzi wosowa. Kuchoka ku Carrión de los Condes kukafika ku Calzadilla de la Cueza ndi makilomita 17 opanda mudzi. Ndinanyamula malita awiri a madzi, ndipo ndinafika botolo lili gwa. Mipopi ilipo m'midzi yambiri, koma muziwerenga kachikwangwani: pakalembedwa "agua no potable", amenewo si akumwa. Pothawa dzuwa ambiri amanyamuka m'bandakucha, ndipo mdima uli ndi zake. Njira yonse imalozedwa ndi mivi yachikasu, imene Bambo Elías Valiña, wansembe wa ku O Cebreiro, anayamba kupenta m'ma 1980. Tsiku lina ndinaphonya muvi umodzi pakona ya khoma, ndinakazindikira patatha theka la ola ndili pakati pa munda. Mukayenda kanthawi osaona muvi, bwererani pamene munauona womaliza. Pamene njira yalowa mumsewu wa galimoto, yendani kumanzere moyang'anizana nazo, tochi ili pamphumi.

Za akuba anthu amandifunsa kawirikawiri. Ine sindinabedwe kanthu, koma pasipoti, ndalama ndi foni zinkakhala m'kachikwama ka m'chiuno, kamene ndinkalowa nako ngakhale kubafa. Amayi oyenda okha ndinakumana nawo ambiri. Mmodzi anandiuza kuti madzulo alionse amatumiza uthenga kwa mchemwali wake kunena kumene wagona ndi kumene akafike mawa. Nambala ya ngozi ndi 112, ndipo apolisi a ku Spain ali ndi pulogalamu ya pafoni yotchedwa AlertCops. Inshuwalansi ya zaumoyo musaisiye.

Adani enieni a usiku ndi awiri. Woyamba ndi mkonono: chipinda cha anthu 40, zitseko zatsekedwa 10 koloko, kwinaku wina akuliza ngati chigayo. Zotsekera m'makutu n'zopepuka, nyamulani. Wachiwiri ndi nsikidzi. Ndinkayamba ndayang'ana m'misoko ya matilesi, ndipo chikwama sindinkachiika pabedi. Zikakulumani, si zochititsa manyazi; uzani woyang'anira nyumba, zovala zonse zilowe m'makina oumitsira otentha kwambiri, kuti musakagawire nyumba yotsatira.

Mtsetse wochoka pa Cruz de Ferro, mtanda wachitsulo umene uli pamwamba pa phiri, kutsikira ku Molinaseca umadya mawondo. Ndodo ziwiri zinandipulumutsa. Ku Sarria gulu linachuluka mwadzidzidzi, poti satifiketi ya Compostela, imene amapatsa omaliza ulendowu, inkafuna kuti munthu ayende pansi makilomita 100 omaliza, ndipo kuyambira pamenepo zidindo zinkafunika ziwiri patsiku.

Ndinalowa m'bwalo la Obradoiro, kutsogolo kwa tchalitchi chachikulu cha ku Santiago, tsiku la 36, kukugwa mvula yamawawa. Mawa lake ndinakatenga katoni yanga ija. Munali majinzi awiri, mabuku atatu, juzi yolemera ndi kasipika koimbira nyimbo, zimene ndinali nditaziiwala kuti ndi zanga. Chikhadabo cha chala chachikulu chinasupuka patatha milungu itatu, ndili kunyumba.