Chilonda cha pa akakolo ndi bandeji yothina

Chilonda changa chinali pamwamba pang'ono pa akakolo, mbali ya mkati mwa mwendo wakumanzere. Chinayamba pamene ndinangodzikanda, koma miyezi inadutsa chikungochucha timadzi, khungu lozungulira litada bii, madzulo mwendo utatupa. Ine ndimameta anthu, ndiye ntchito yanga ndi yoimirira tsiku lonse. Achibale ena ankati ndinaponda mankhwala, ena ankati ndithirepo ufa wa kapisozi. Ndinapita kuchipatala chachikulu.

Anamwino asanagwire chilondacho anandipanikiza ndi mafunso: ngati ndili ndi shuga, ngati magazi anaundanapo m'mwendo, ngati ndimasuta, ngati ululu umachepa ndikakweza mwendo. Umachepadi. Anaona mitsempha yotupa yokhotakhota ku katumba, nandiyeza shuga pachala.

Adokotala ndiwo anandifotokozera gwero lake. M'mitsempha yobweza magazi kumtima muli tizitseko toletsa magazi kubwerera m'munsi. Tikafooka, magazi amadikha kumapazi, mwendo umatupa, khungu limafooka, ndiye kabala kakang'ono sikatseka. Kuima nthawi yaitali, kunenepa, ukalamba, mimba kwa amayi, kuthyoka mwendo, zonsezi zimathandizira.

Kenako panabwera kuyeza kumene ndikuti aliyense aziumirira. Anandigoneka chagada ndipume kaye, namanga lamba wa BP pamkono, kenako pa akakolo, akumvetsera kugunda kwa magazi ndi kachipangizo kotchedwa Doppler, kolira kuti fuu, fuu. Nambala ya pa akakolo amaigawa ndi ya pamkono. Ikakhala pakati pa 0.8 ndi 1.3, magazi akufika bwino kuphazi ndipo mwendo ukhoza kumangidwa mothina. Ikatsika kwambiri, vuto lili m'mitsempha yobweretsa magazi, ndipo bandeji yothina ikhoza kupha phazi. N'chifukwa chake musadzimange nokha kunyumba poti mnzanu zinamuthandiza.

Ine ndinkayembekeza jakisoni kapena mafuta odula. Ayi ndithu. Anatsuka ndi madzi amchere, kuikapo kansalu kosamatirira, thonje, kenako bandeji yotanuka kuchokera m'munsi mwa zala mpaka pansi pa bondo, yothina kwambiri pa akakolo n'kumalekerera pokwera. "Mankhwala anu ndi bandejiyi, bambo," anatero anamwino. Maantibayotiki sanandipatse, poti amaperekedwa chilonda chikalowa tizilombo: kufiira kofalikira, kutentha, mafinya, thupi kuphwanya.

Masiku oyamba ndi owawa, ndisaname. Nsapato inakana kulowa, ndinkayenda ndi patapata, posamba mwendo uli m'jumbo. Anandichenjeza kuti zala zikachita dzanzi, kuzizira kapena kusintha mtundu, ndimasule bandejiyo n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Poyamba inkanyowa msanga ndiye ankasintha pafupipafupi. Kutupa kutaphwa, kamodzi pa sabata.

Zotsalazo zinali za ine mwini. Kuyenda amalimbikitsa, chifukwa katumba akamagwira ntchito amapopa magazi kupita m'mwamba. Choipa n'kuima malo amodzi kapena kukhala miyendo ili lende. Ndiye pometa ndimanyamuka ndi zala n'kutsika, makasitomala akuseka. Pakapanda munthu ndimagona pabenchi, mapazi atatsamira khoma kupitirira msinkhu wa mtima. Kumapazi kwa bedi ndinaikako njerwa.

Chilonda chinayamba kufiira bwino pakati, m'mbali mukumera khungu lotuwa, mpaka chinatseka patatha miyezi ingapo. Koma tizitseko tija sitinachire, ndipo zilonda zotere zimakonda kubwerera. Anandilembera masokosi othina a kuchipatala, oyezedwa pa mwendo wanga, amene ndimavala m'mawa ndisanaponde pansi n'kuvula pogona, kenako n'kudzola mafuta kuti khungu lisang'ambike. Ananditumizanso kukajambulitsa mitsempha pa sikani, kuti aone ngati pali wina wofunika kutsekedwa.