Sapitwa, ulendo wachitatu: ndafika, koma buluku latsala komweko

Ulendo woyamba ndinathera pa Chambe, mawondo atakana. Wachiwiri, chaka chatha, chiperoni chinatitsekera m'kanyumba ka pa Chisepo masiku awiri, nkhungu ili bii, mpaka ufa unatithera. Sabata yathayi ndiye ndaponda pa Sapitwa, nsonga yaitali koposa ya phiri la Mulanje, mamita 3,002.

Kuyambira Meyi, Loweruka lililonse ndakhala ndikukwera Michiru nditabereka chikwama cha makilo 8. Zinandithandiza pa Skyline, chitunda chosatha chija chochokera ku Likhubula: ulendo uno sindinapume kawirikawiri. Koma kumtunda kwa Chisepo, zonsezo zinangokhala zamasewera. Kumeneko miyendo payokha siikwana.

Tinanyamuka 5 koloko m'mawa, zala zitachita dzanzi. Pasanapite nthawi njira inathera pathanthwe lalitali lopendekeka, lopanda pogwira, timizere ta penti yofiira tokha tikusonyeza kolowera. Ine mantha, ndinagona chafufumimba n'kuyamba kukwawa, ndipo m'pamene ndinayamba kutsetsereka. Otiperekeza athu, bambo achikulire a ku Likhubula komweko, anangoima chilili pambali panga, manja m'thumba.

"Achimwene, mwalawo musaukumbatire, si akazi anu. Dzukani, phazi lonse ligwire."

Ndinadzuka monjenjemera, ndipo nsapato zinamatadi. Mwala wa Mulanje ndi wokhakhala ngati mphero. Ukaimirira, thupi lonse limatsamira pamphira wa nsapato, ndiye umagwira. Ukagona, kulemerako kumapita m'mawondo ndi m'zigongono, zomwe sizigwira kanthu. Miyezi yonseyi ndimalimbitsa ntchafu, chonsecho chondisowa chinali ichi.

Chakumtunda kuli miyala ikuluikulu yosanjikizana. Pena umalowa kunsi kwake, kuyamba wakankha chikwama, iwe pambuyo. Pena umadutsa m'timitengo tokhotakhota todzaza ndere, mwachinyontho, muli zii. Za mizimu ya m'phiri muno ndimaseka ndikakhala ku Blantyre. M'menemo sindinayankhule mokweza.

Tinafika patatha maola 4. Mphepo yake yolasa m'mafupa, moti tinangokhalapo mphindi 20, kudya mbatata yootcha, kuyang'ana minda ya tiyi m'munsi ndi mapiri a ku Mozambique.

Kutsika ndiye kunandichititsa manyazi. Pamathanthwe aja phunziro lonse linauluka, ndinakhala pansi n'kumakhwekhwereza matako. Pofika pa Chisepo buluku linali litang'ambika kumbuyo konse, alonda a pakanyumbapo akusonkha moto uku akubisa nkhope. Ndinagona nditamanga juzi m'chiuno.

Lero ndi tsiku lachinayi, masitepe a kuntchito ndikutsikabe cham'mbali ngati nkhanu. Mu Seputembala ndikufuna nsonga ina ya phiri lomweli, Nandalanda, kudzera ku Thuchila. Isanafike nthawiyo ndipeze thanthwe lapafupi lophunzirirapo kutsika choimirira, komanso ndikasankhe buluku lolimba pakaunjika ku Limbe.